Mphonda, Mphika ndi Bokosi: Mbiri ya Zokuzira Mau ku Utonga

Aliyense woyenda pa mseu wochokera ku Kande, kupyola pa Chintheche mpaka kukafika ku Mpamba, amaona mabokosi akuluakulu ataimikidwa pa makonde a masitolo, m'nyumba za mapemphero ndi pa maukwati, nyimbo zili kutuluka m'menemo. Ena awatcha masipika, ena zimkuzamau. Ambiri a mabokosi amenewa sanatuluke m'fakitale ai, koma anakhomedwa konkuno ndi akalipentala, kapena ndi anyamata okonda nyimbo. Anthu ambiri ayesa kuti luso limeneli linafika dzulodzuloli pamodzi ndi magetsi. Koma tikalondola bwino mapazi ake, atifikitsa ku munda wa mphonda.

Pamene nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani inabuka mu 1914, nyanja yathu sinaphonyedwe. Mu August chaka chomwecho sitima ya Boma yotchedwa Guendolen inaoloka nyanja niwombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhaven, limene lero litchedwa Liuli. Mu September anamenyana ku Karonga. Amuna ambiri analembedwa usilikali wa King's African Rifles, ndipo ochuluka koposa anatengedwa ku ntchito yowawa ija ya mtengatenga. Kumeneko anaona asilikali alikuguba pa perete, ng'oma zili kulira ndi malipenga a mkuwa ali kuwala. Nkhondo itatha mu 1918 anabwerera kwao ndi zimenezi m'mitima, ndipo m'zaka zotsatira gule wa malipenga anakula pakati pa Atonga. Gule ameneyu ali pa ubale ndi beni wa Ayao ndi mganda wa Achewa ndi Atumbuka. Gulu lililonse litchedwa boma, ndipo lili ndi mfumu yake, akapitao ake ndi dotolo wake, onse obvala zoyera kapena za khaki, zositidwa bwino.

Koma lipenga la mkuwa akanaligula kuti, ndi ndalama ziti? Apa ndipo pamene nzeru inaonekera. Anatenga mphonda youma ya khosi lalitali, naidula kumimba kwake kuti pakhale pakamwa potambasuka, naboola pena poikapo milomo. Ku nsonga ya khosi anamatako kansalu koyera kopyapyala kamene kangaude amakutira nako mazira ake. Munthu sauzira mpweya m'lipenga lotere monga achitira ndi la mkuwa. Iye aimbiramo ndi mau a pakhosi. Mauwo agwedeza kansalu kaja, kansalu kanjenjemera, ndipo mimba ya mphonda itenga kunjenjemerako niikulitsa. Mphonda yaing'ono ilira mau aang'ono okwera. Yaikulu ilira mau aakulu otsika. Sungani zinthu ziwiri izi, owerenga anzanga, chonjenjemera ndi chibowo cha mpweya, pakuti tikumana nazonso kawiri konse.

Tikumana nazo poyamba m'galamafoni. Amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anakhazikika ku Bandawe mu 1881, ndipo sukulu zao zinapatsa Atonga mwai wa kuwerenga ndi kulemba msanga. Chifukwa cha ichi ana a dera lino anapeza ntchito za ukalaliki ndi ukapitao ku Salisbury, ku Bulawayo, ku Johannesburg ndi ku migodi ya kopa. Wobwera kuchokera ku ulendo wotere ankafuna kuti mudzi udziwe kuti sanapite pachabe, ndipo pamodzi ndi suti ndi njinga, katundu wolemekezeka anali galamafoni ya chopukusa. M'kati mwake munalibe magetsi ngakhale pang'ono. Singano inkayenda m'mizere ya mbale, nigwedeza kachitsulo kopyapyala konga ndalama, ndipo mau ankadzera m'nyanga yopindidwa m'kati mwa bokosi. Kusiyana kwake ndi lipenga la mphonda kunali kwakuti m'malo mwa khosi la munthu munali singano.

Sipika imene tiidziwa lero inalongosoledwa mu 1925 ndi amuna awiri a ku America, Chester Rice ndi Edward Kellogg, a kampani ya General Electric. Kapangidwe kake nkosabvuta kumva. Pali maginito, pali waya woonda wokulungidwa kambirimbiri, ndipo pali pepala lolimba loumbidwa ngati chipewa. Magetsi akamadutsa m'waya, pepala lija lipita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo mofulumira, nilikankha mpweya, ndipo makutu athu amva mau. Chonjenjemera chija ndi chimenechi.

Nanga bokosi ndi la chiani? Ambiri ayesa kuti ndi chobvala chabe chotetezera pepala ku fumbi ndi zala za ana. Si tero ai. Pepala likakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo kwake kutsala malo opanda mpweya wokwanira, ndipo mpweya wokankhidwa uja ungozungulira m'mphepete nuthamangira kumbuyoko. Zikatero mau aakulu otsika, onga a ng'oma yaikulu, azimirira asanafike ku khutu, nkutsala kaphokoso kopyapyala. Bokosi ndilo mpanda wolekanitsa mpweya wa kutsogolo ndi wa kumbuyo. Yesani nokha: lizani sipika ili pamanja, kenaka muiike pakamwa pa mtsuko, mudzamva kusintha kwake nthawi yomweyo.

Mau a magetsi anayamba kulowa m'midzi yambiri mu 1949. Mkulu woyang'anira zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, Harry Franklin, anapempha kampani ya Ever Ready ya ku England kuti ipange wailesi yotsika mtengo. Anaiika m'chitsulo cha sefuliya chopanda chogwirira, cha mainchesi 9 m'mimba mwake, nachipaka utoto wobiriwira ngati thambo, natseka zibowo zake ndi kaukonde kuti tizilombo tisalowemo. Dzina lake linali Saucepan Special, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5, batire yake paundi imodzi ndi mashilingi 5. Inkagwira nyumba ya mphepo ya ku Lusaka, kumene kunkamveka Chinyanja ndi nyimbo za Alick Nkhata. Kunalinso Chitonga, koma chinali cha Atonga a ku Zambezi, chimene sichigwirizana ndi chathu cha kunyanja kuno. Chimene chindikondweretsa ine ndi ichi, kuti Azungu omwe, atasowa bokosi lotsika mtengo, anathamangira ku ziwiya za kukhitchini.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Malawi Broadcasting Corporation inayamba kuulutsa mau ku Blantyre. Pambuyo pake kunadza makaseti, ndipo anyamata anaona kuti mau a kawailesi kakang'ono sakwana pa bwalo la gule. Tsono ankafunafuna sipika ya m'galimoto lakufa kapena ya m'wailesi yoonongeka, naiika pakamwa pa mtsuko, pa ndowa kapena pa chigubu chodula, namata m'mbali kuti mpweya usatuluke, nalumikiza ku batire ya galimoto. Musawaseke. Mtsuko wa dothi uli ndi zabwino ziwiri zimene amisiri a ku Ulaya amazifuna ndi ndalama zambiri: khoma lake ndi lolemera, silinjenjemera pamodzi ndi nyimbo, ndiponso ndi lozungulira, lilibe mbali ziwiri zopenyana zoti mau azigundagunda pakati pake. Ku America Edgar Villchur anatchuka mu 1954 chifukwa cha bokosi laling'ono lotsekedwa ponseponse, m'mene mpweya wotsekeredwa ugwira pepala ngati sipuling'i. Mnyamata wa mtsuko sanamvepo dzina limeneli, koma khutu lake linamtsogolera njira yomweyo.

Masiku ano akalipentala akhoma mabokosi ndi pulaiwudi, wina wa iwo wochokera ku Chikangawa pa mapiri a Viphya, nawakuta ndi nsalu yakuda. Ngakhale ku Usisya, kumene mapiri apanikiza mudzi ku nyanja ndipo ambiri afikako pa sitima ya Ilala, magetsi a dzuwa aliza mabokosi otere. Ena ndi okhomedwa bwino ndithu. Koma ambiri ali ndi matenda awiri. Oyamba ndi thabwa lopyapyala: mmisiri afuna kupulumutsa ndalama, ndipo bokosi lonse lilira ngati debe. Mankhwala ake ndi thabwa lochindikala, guluu m'mfundo zonse osati misomali yokha, mtanda m'kati wogwira mbali ziwiri, ndi thonje kapena bulangeti lakale lomatidwa ku makoma. Achiwiri ndi chibowo. Anthu aona kuti mabokosi a m'sitolo ali ndi chibowo chozungulira kutsogolo, naboola chao mongoyerekeza. Chibowo chimenechi chili ngati pakamwa pa botolo: mukauzirapo, botolo lalikulu lilira motsika, laling'ono mokwera. Kukula kwa chibowo, kutalika kwa paipi yake ndi kukula kwa bokosi ziyenera kugwirizana ndi sipikayo, ndipo Neville Thiele wa ku Australia analemba masamu ake mu 1961. Amene alibe masamuwo achita bwino kutseka bokosi lake ponseponse.

Wosema lipenga la mphonda sanalakwe chotere, pakuti ankadula pang'onopang'ono, nayesa ndi mau ake, kufikira lipenga litagwirizana ndi a anzake m'boma. Malipenga abvinidwabe m'nyengo ya chilimwe anthu atakolola, ngakhale kuti ambiri tsopano amata kapepala ka pulasitiki m'malo mwa nsalu ya kangaude. Chodetsa nkhawa ndi chakuti bokosi limodzi la pa sitolo yoyandikana ndi bwalo likhoza kumiza mau a amuna makumi atatu amene akhala masabata ambiri alikukonzekera, ndipo mwini bokosi, amene kawirikawiri ali mdzukulu wa mmodzi wa obvinawo, satsitsa mau ake kufikira mfumu ya mudzi itatuma munthu.