Chagada

Munthu akagona msana pansi, nkhope ikuyang'ana kumwamba, timati wagona chagada. Mawuwa ndi pachibale ndi mneni woti kugadama, ndipo amatsutsana ndi chafufumimba. Ku Wadzanai, komboni ya ku Shamva kufupi ndi Bindura ku Zimbabwe, kumene kuli zidzukulu za Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, mawuwa ayenera kusungidwa, chifukwa ali ndi ntchito inanso: kusambira chagada.

Pa mpikisano wotere osambira sadumphira m'madzi ngati anzawo. Amayambira m'madzi momwemo, atagwira m'mphepete mwa dziwe, mapazi ataponda khoma. Likhweru likalira amadziponya chambuyo, manja n'kumapalasa mosinthana. Kumene akupita sakuonako. N'chifukwa chake pamamangidwa timbendera pamwamba pa madzi, mamita 5 kuchokera kukhoma, kuti wosambira akationa awerenge mapalasidwe otsala, asagunde mutu.

Tikamanena za kusambira chagada, dzina limene limabwera msanga ndi la Kirsty Coventry wa ku Harare. Anaphunzira pa yunivesite ya Auburn ku America, akusambirira timu ya pasukulupo, ndipo anatenga mendulo ya golide pa mamita 200 a chagada pa masewera a Olimpiki ku Athens mu 2004, n'kubwereza ku Beijing mu 2008. Mu 2025 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa komiti yoyendetsa masewera a Olimpiki padziko lonse.

Ine ndimaona kuti apa sitifunika kubwereka mawu. Mwana akakufunsani kuti Coventry ankasambira bwanji, muuzeni m'chinenero cha agogo ake: ankasambira chagada.