Za Anthu Othyoka Msana, ndi Kumene Tiwatengera

Mwezi wa Disembala, mango ali kupsa, mnyamata wina wa m'mudzi wa kufupi ndi Embangweni anagwa mu mtengo. Sanakomoke, mwazi sunaturuke, ndipo analankhula bwino ndi anzace. Koma pofuna kuuka anapeza kuti miyendo yakana, ndipo pomtsina pa nchafu sanamve kanthu. Usiku womwewo acibale anasonkhana natsutsana. Amalume ace anati apite naye ku Mzuzu. Amace anati agone pa Embangweni, pamene akhoza kumphikira. Wina amene anakhalako ku Blantyre anachula nyumba yochedwa Kachere. Agogo anati nthenda yotere si ya cipatala. Ife tinaitanidwa, pakuti anthu ayesa kuti mphunzitsi ali ndi yankho pa mlandu uli wonse. Mau athu anacepa usiku uja, ndipo kuyambira pamenepo tinafunafuna mbiri ya nthenda iyi, kuti inu abale mukakomana nayo musasowe poyambira.

Mkati mwa mafupa a msana mupita mtsempha waukuru wocokera ku bongo, ndiwo utengera mau a mutu ku ziwalo, nubweza ku mutu zimene ziwalo zimva. Ukaduka kapena kuphwanyika, zonse za kunsi kwa bala zileka kumvera. Bala likakhala m'ciuno ifa ndi miyendo. Likakhala pa khosi, manja omwe. Ndipo si kuyenda kokha kumene kutayika, koma munthu sazindikiranso mkodzo kapena cimbudzi, ndipo khungu lace silimuuza kuti latopa ndi mphasa.

Nthenda iyi njakale. Sing'anga wina wa ku Egypt analemba za munthu wothyoka khosi pa gumbwa, zaka zoposa 3,500 zapitazo, naiika m'gulu la nthenda zimene sing'anga sayenera kuyesa kuciritsa. Maganizo amenewo anakhala m'dziko lapansi nthawi yaitali ndithu. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu anasenzako mtengatenga, dotolo Harvey Cushing anapeza kuti mwa asilikari 10 a ku America olasidwa msana, 8 anafa m'masabata oyamba.

Kwathu kuno cipatala cinafika m'caka ca 1902, pamene Donald Fraser ndi mkazi wace, dotolo Agnes Fraser, anacoka ku Hora nadzakhala m'dziko la Inkosi Mzukuzuku, pa malo amene anawacha Loudon, ndiwo Embangweni. Ku Livingstonia cipatala ca David Gordon cinatsegulidwa mu 1911. Odwala anadza pa macila, naciritsidwa zilonda, malungo ndi mafupa a miyendo. Koma wothyoka msana madotolo a masiku aja analibe comcitira coposa kumgoneka ndi kumtonthoza, pakuti ngakhale ku Scotland kumene anacokera nzeru yace inali isanapezeke. Zaka zomwezo amuna a Mzimba anayamba kupita ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku Rhodesia, kumene mwala ukagumuka ugwera munthu wowerama. Ena anabwezedwa kwao ali cigonere, ndi ndalama pang'ono za cipukuta misozi. Akuru a m'midzi yathu akumbukira kuti munthu wotere sanakhalitse. Anagona m'nyumba ya mdima, fungo linayamba, ndipo posacedwa kunamveka maliro. Anthu anati wamlodza mnzace wa ku mgodi.

Cimene cinawapha ticidziwa tsopano, ndipo si bala la msana lokha ai. Munthu wogona mbali imodzi osatembenuka, mwazi suyenda pa malo pamene fupa likanikiza mphasa, pa matako, m'mbali mwa ciuno ndi pa zidendene. Ife amene timva titembenuka tokha m'tulo osadziwa, iye satero. Khungu lifiira, lifa, libooka, ndipo cilonda cidya mnofu kufikira pa fupa. Caciwiri ndi mkodzo: ukakhalitsa m'cikhodzodzo uvunda, nthenda ikwera ku impso, thupi litentha, munthu napita.

Amene anatembenuza mbiri iyi ndiye Ludwig Guttmann, dotolo Myuda amene anathawa ku Germany mu 1939. Mwezi wa Febuluwale 1944 boma la Britain linampatsa cigawo ca othyoka msana pa cipatala ca Stoke Mandeville. Mankhwala olumikiza mtsempha woduka analibe, ndipo kufikira lero sanapezeke. Iye analamula kuti wodwala ali yense atembenuzidwe maora awiri ali onse, usana ndi usiku. Kuti mkodzo uturutsidwe pa nthawi yace ndi kapaipi koyera. Ndi kuti munthu akalimba aukitsidwe, alimbitse manja, aphunzire nchito ya manja. Anali munthu waukali, ndipo ogwira naye nchito anamuopa. Koma odwala ace analeka kufa. Pa 29 Julaye 1948 odwala 16 anapikisana kuponya mibvi ali pa njinga zao, ndipo masewera awo anakula kufikira anacitika ku Rome mu 1960, ndiwo amene achedwa Paralympics. Taonani, abale, kuti mbali yaikuru ya nzeru iyi ifuna manja ndi khama, zinthu zimene m'mudzi zilimo.

M'dziko lathu njira inatsegulidwa ndi nthenda yina, ya poliyo, yopuwalitsa ana. Mu 1979 kunayambika bungwe la Malawi Against Polio, limene pambuyo pace linasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities, pakuti poliyo inacepa koma olumala sanathe. Linapanga ndodo, nsapato ndi njinga za olumala. Mu 1985 dotolo Edward Blair anayamba kuphunzitsa ana a dziko lino nchito ya mafupa, ndipo ocokera m'sukulu imeneyo ndiwo amanga mafupa m'zipatala za maboma monga ca Mzimba. Mu 1992 bungwe lija linatsegula Kachere ku Blantyre, kufupi ndi cipatala ca Queen Elizabeth, nyumba ya makama 40 imene munthu agonamo masabata angapo kuphunzira kukhala ndi thupi lace latsopano. Cipatala cacikuru ca Mzuzu cinatsegulidwa mu 2000, ndipo mu 2023 ku Lilongwe, pa cipatala ca Kamuzu, kunayamba nchito nyumba ya mafupa ndi mitsempha yochedwa LION.

Tsono mkangano wa usiku uja tiuona bwino lero. Amalume, amai ndi mbale wa ku Blantyre onse ananena zoona, koma yense ananena za nthawi yace. Coyamba ndico kumfikitsa munthu ku cipatala ca pafupi, ca Embangweni kapena ca Mzimba, osaonjezera bala. Apa ndipo tilakwa kawirikawiri. Munthu akagwa pa ngolo, kapena akagundidwa pa msewu wa ku Jenda, timnyamula wina ku miyendo wina ku mapewa, kapena kumkhazika pa njinga ya moto. Fupa losweka lisuntha, nilidula mtsempha umene unali utangokanikizidwa. Zulani citseko, mumgoneke pamenepo cowongoka, wina agwire mutu kuti usapotoke. Pambuyo pace madotolo ndiwo aweruza ngati fupa lifuna kumangidwa ku cipatala cacikuru. Ndipo dziwani kuti miyendo ikafoka pang'ono pang'ono popanda kugwa, msana ukuwawa ndi kutukuka nundu, kawirikawiri ndi cifuwa cacikuru colowa m'mafupa. Cimeneco cili ndi mankhwala, ndipo wofulumira akhoza kuyendanso.

Cobvuta ndi ca pambuyo, fupa litagwira. Kucokera ku Mzimba kufika ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 600. Wodwala sapita yekha. Afuna womdikira, ndipo womdikirayo asiya munda. Mai wa ku Mabiri amene alankhula ciTumbuka cokha akafika kumeneko akhala mlendo pa cilankhulo ndi pa mtengo wa ufa. Sitinyoza banja limene liwerenga zimenezi nilibwerera, pakuti njala nayonso ipha. Koma ife tiyesa kuti kumene mwai wapezeka, ndi bwino kupita, ndipo wopita naye akhale yemweyo amene adzamsunga ku mudzi, osati amene ali ndi nsapato zabwino za ulendo.

Malo ali onse amene mufuna kumsiya mbale wanu, musayang'ane utoto wa nyumba. Funsani ngati odwala atembenuzidwa usiku, ndipo ndani awatembenuza. Funsani ngati womdikira adzaphunzitsidwa ndi manja ace kuturutsa mkodzo ndi kukonza m'mimba pa nthawi imodzi tsiku ndi tsiku, ndi kumene mapaipi adzapezeka akatha. Za njinga funsani kwambiri: ina inapangidwira pa simenti, ndipo mu mcenga wa kwathu ititimira, iyenera kumyenera munthu msinkhu, ndi kukhala ndi mtsamiro wofewa, pakuti njinga yopanda mtsamiro ibala cilonda comwe cija. Ndipo wina akakulonjezani kuti mtsempha woduka aulumikiza mukapereka ng'ombe, sungani ng'ombe yanu. Ena amene mtsempha wao sunaduke wonse abwezeredwa mphamvu pang'ono, makamaka m'miyezi yoyamba, koma dotolo woona salonjeza tsiku.

Mnyamata uja anapita ku cipatala pa citseko ca amalume ace, ndipo pambuyo pace banja linagulitsa mbuzi zitatu, mlongo wace napita naye ku mwera dzinja litatha. Anabwera pa njinga, miyendo isanauke. Masabata oyamba amace anadandaula kuti mlongoyo wasanduka wankhanza, pakuti anamdzutsa mnyamatayo pakati pa usiku kumtembenuza, namyang'ana matako m'mawa muli monse ndi kagalasi. Anyamata a mpingo anakuza khomo la cimbudzi, nathira dothi pa makwerero a nyumba yopemphereramo kuti njinga ikwere. Akonza nsapato tsopano pa khonde la kwao. Caka catha kadontho kofiira kanaoneka pa thako la kumanzere, ndipo anagona cafufumimba masiku 9, nchito itaima, kufikira kanazimirira.