Chete wa m'kalasi anachokera kuti?

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, sabata yatha bambo ena anaima pawindo la kalasi yanga yachiwiri kuno ku Milange. Anaona ana ataimirira awiriawiri, akukambirana. Pambuyo pake anandifunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi lero simukuphunzitsa?" Sindinawadabwe, chifukwa funso lawo lili ndi mbiri yake.

M'nthawi ya Apwitikizi, pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican, komanso lamulo la mamishoni la 1941, zinaika maphunziro a ana akuda m'manja mwa mishoni za Katolika. Ana ankaloweza katekisimu ndi Chipwitikizi, kubwereza limodzi zomwe mphunzitsi wanena. Agogo anga ankasimba kuti wolakwitsa mawu ankalawa mbalamatodya. Mwana wosamva chiyankhulo, woopanso kumenyedwa, amangokhala duu. Chete ameneyo akuluakulu anamutcha ulemu.

Titalandira ufulu mu 1975, boma la Frelimo linasunga Chipwitikizi kuti chigwirizanitse dziko. Sukulu zinachuluka, koma mwana wa Chichewa kapena Chilomwe ankasiyabe chiyankhulo chake pakhomo la kalasi. Mu 1986 Renamo italanda Milange, mabanja ambiri anawoloka pa Muloza kuthawira ku Mulanje. Mtendere utabwera mu 1992 anthu anabwerera, ndipo kaphunzitsidwe kakale kaja kanabwereranso.

Kusintha kunayamba ndi PEBIMO, pulojekiti yoyesera imene INDE inachita kuyambira 1993 mpaka 1997. Ana ena ku Tete anayamba kuphunzira m'Chinyanja, a ku Gaza m'Chichangana. Carol Benson, amene anaunika ntchitoyi, anapeza kuti ana m'makalasi amenewa ankayankha ndi kutenga mbali kuposa anzawo ophunzira m'Chipwitikizi chokha. Mu 2003 maphunziro a ziyankhulo ziwiri anayamba m'sukulu zina za boma, ndipo lamulo la maphunziro la 2018 linawalimbitsa.

Mbiriyi yandiphunzitsa kuti kuuza ana kuti "kambirana ndi mnzako" n'kungotaya nthawi ngati akuyenera kukambirana m'chiyankhulo chimene sanachidziwe. Kwathu mwana sanaphunzirepo ali chete. Pa nthano amavomera kuti "tili tonse", pa phada ndi fulaye amawerenga uku thupi likuyenda.

Tsiku limene bambo aja anabwera, tinali pa masamu ochotsera. Ndinalemba manambala pansi ndi choko. Mwana aima pa 7, abwerera m'mbuyo katatu, mnzake anena pamene waima ndi chifukwa chake, m'Chichewa. Akagwirizana, ndipo pamene amanena m'Chipwitikizi: sete menos três. Mtsikana wina amene sanayankhulepo chiyambire chaka ndinamumva akuuza mnzake kuti: "Walumpha imodzi, bwerera!"

Makolo, mukamva phokoso m'kalasi, yandikirani mumve zimene ana akunena. Madzulo muwafunse kuti mnzawo anawauza chiyani lero.