"Wako ni Wako": Mbiri ya Voti ya Kum'mawa

Ambiri a inu munabadwa cipani ca UNIP citacoka kale m'boma. Koma mukakhala pansi ndi agogo anu ku Mkaika, ku Sinda kapena ku Vubwi, afunseni za caka ca 1991. Pa 31 Okutobala caka cimeneco anthu a m'Zambia anaponya voti, ndipo a Frederick Chiluba a cipani ca MMD anagonjetsa a Kenneth Kaunda amene analamulira zaka 27. Pa mipando 150 ya ku Nyumba ya Malamulo, MMD inatenga 125. UNIP inatsala ndi 25 cabe, ndipo 19 mwa mipando imeneyi inali ya cigawo cathu ca Kum'mawa. Palibe mpando ngakhale umodzi wa kuno umene MMD inapeza. Dziko lonse linatembenuka, koma makolo athu anakhala pomwepo.

Mudzamva anthu akunena kuti cimeneci cinali tsankho la mtundu basi. Yankho limeneli n'lofulumira kwambiri. A Kaunda sanali Mcewa, Mngoni kapena Mnsenga. Anabadwira ku Lubwa, m'boma la Chinsali, mu 1924, ndipo makolo ao anacokera ku Nyasaland. Nanga cinamanga makolo athu kwa iwo n'ciani?

Tibwerere ku Mulungushi, pafupi ndi Kabwe, mu Ogasiti 1967. Kumeneko UNIP inacita msonkhano wosankha atsogoleri a cipani. Masankho a m'kati mwa cipani amawawa kuposa a dziko lonse, cifukwa amene mukulimbana naye ndi mnzanu wodya naye mbale imodzi. A Reuben Kamanga, mwana wa kuno amene anali waciwiri kwa pulezidenti kuyambira pa ufulu mu 1964, anagonjetsedwa ndi a Simon Kapwepwe. A Arthur Wina a ku Barotse nawonso anataya udindo wosunga cuma ca cipani kwa a Elijah Mudenda. Nthumwi zolankhula Cibemba zinagwirizana ndi zolankhula Citonga, ndipo za Kum'mawa ndi za ku Barotse zinabwerera kwao zitagwa nkhope. Mkangano unakula kotero kuti mu Febuluwale 1968, pa msonkhano wa ku Chilenje mu Lusaka, a Kaunda ananena kuti atula pansi udindo. Anawanyengerera usiku wonse mpaka anabweza mau ao. Ndi m'zaka zimenezo pamene mau akuti "umodzi kum'mawa" anayamba kumveka.

Pamene a Kapwepwe anacoka mu UNIP mu 1971 n'kuyambitsa cipani cao ca UPP, atsogoleri a Kum'mawa anakhala pambali pa a Kaunda, ndipo a Kaunda sanaiwale. A Grey Zulu a ku Chipata anakhala mlembi wamkulu wa cipani kawiri, udindo umene pa nthawi ya cipani cimodzi unali waciwiri kwa pulezidenti.

Koma musaganize kuti mlimi wa ku Katete anaponya voti cifukwa ca mipando ya akulu-akulu yokha. Ganizirani za cimanga. M'masiku amenewo boma ndilo linali kuika mtengo, ndipo fataleza ndi mbeu zinali kufika kudzera ku NAMBOARD ndi ku makopaletivu monga Eastern Cooperative Union. Malipiro anali kucedwa, nthawi zina cimanga cinali kunyowa pa depoti, komabe mlimi anali kudziwa kuti wogula alipo. Zipolowe za mtengo wa unga, za ku migodi mu Disembala 1986 ndi za mu Lusaka mu Juni 1990, zinali za anthu ogula unga m'sitolo. Munthu wokhala ndi nkhokwe yake anali kuona zinthu mosiyana, ndipo mau a MMD akuti malonda akhale omasuka sanam'kondweretse kwenikweni. Ine ndiona kuti voti ya 1991 inali ya anthu amene anawerengera zimene anali nazo m'manja, naopa kuzitaya.

Zaka zotsatira tizidutse mofulumira. Mu 1996 malamulo anasinthidwa kuti munthu amene makolo ake sanabadwire m'Zambia asaimire upulezidenti. A Kaunda anatsekeredwa kunja, ndipo UNIP inakana kulowa masankho. Mu 2001 voti ya kuno inagawanika pakati pa UNIP ya a Tilyenji Kaunda ndi FDD ya a Christon Tembo. Ndiye mu 2006 a Rupiah Banda, munthu wakale wa UNIP amene anali atapuma pa famu yao ku Chipata, anathandiza a Levy Mwanawasa kukopa anthu a Kum'mawa. Masankho atatha, a Mwanawasa anawapatsa udindo wa waciwiri kwa pulezidenti. Taonani, cipani cimene makolo athu anacikaniratu mu 1991 cinalowa m'mudzi patapita zaka 15, ndipo amene anacitsegulira citseko anali mwana wa UNIP.

A Mwanawasa anamwalira ku Paris pa 19 Ogasiti 2008. MMD inafunika kusankha woimira cipani, ndipo osankha sanali anthu wamba ai, koma komiti yaikulu ya cipani. Mu Sepitembala a Banda anapeza mavoti 47, a Ng'andu Magande 11. Pa masankho a pa 30 Okutobala, a Banda anaposa a Michael Sata ndi mavoti pafupifupi 35,000 okha m'dziko lonse. Popanda Kum'mawa sakadapambana. Mau akuti "wako ni wako" anamveka kwambiri m'zaka zimenezo, ngakhale kuti a Banda anabadwira ku Gwanda, m'dziko la Zimbabwe.

Caka comweco ca 2008, ku America kunacitika nkhani yofanana ndi yathuyi. Kumeneko mamembala wamba ndiwo amasankha woimira cipani, cigawo ndi cigawo. M'cipani ca Democratic munali kupikisana mai Hillary Clinton ndi a Barack Obama. Anthu ochedwa Latino, amene makolo ao anacokera ku Mexico, Puerto Rico, Cuba ndi maiko ena olankhula Cisipanishi, anavotera mai Clinton mowirikiza pafupifupi kawiri kuposa a Obama, cifukwa banja la Clinton analidziwa kuyambira kale. Mmodzi wa atsogoleri ao ochuka anali a Bill Richardson, bwanamkubwa wa New Mexico, amene a Bill Clinton anawapatsa maudindo awiri akulu m'boma lao. Pa 21 Malichi, limene linali Lacisanu Loyera, a Richardson analengeza kuti ali kumbali ya a Obama. Mlangizi wakale wa banja la Clinton, a James Carville, anawayerekeza ndi Yudasi. Inu amene mumawerenga Baibulo mudziwa kulemera kwa dzina limeneli. Koma kodi munthu amene anakupatsa nchito ndiye kuti anagula voti yako mpaka imfa? Pofika Novembala, anthu a Latino awiri mwa atatu alionse anavotera a Obama.

Funso la Yudasi linafika pakhomo pathu mu 2013. A Sata atapambana mu 2011, Kum'mawa kunakhalabe ndi a Banda ndi MMD. Phungu wa Mkaika, a David Phiri, anacoka mu MMD n'kulowa PF, cipani colamula. Malamulo amati phungu akasintha cipani, mpando wake ukhale wopanda munthu, conco mu Sepitembala 2013 kunacitika masankho apadera. Anthu a ku Mkaika, kumene kuli likulu la Kalonga Gawa Undi, anakana a David Phiri n'kusankha a Peter Phiri a MMD. Ambiri anati apa ndiye anthu aonetsa kukhulupirika.

Sipanapite nthawi. A Sata anamwalira ku London pa 28 Okutobala 2014, ndipo PF inang'ambika posankha wolowa m'malo. Pa msonkhano wa ku Mulungushi komwe kuja, gulu lina linasankha a Edgar Lungu, lina a Miles Sampa, mpaka nkhani inafika ku khoti. Mu MMD namo munali cimodzi-modzi: a Banda anafuna kubwerera, koma khoti lalikulu linagamula kuti woimira cipani ndi a Nevers Mumba. Pamenepo a Banda anauza anthu ao kuti avotere a Lungu, amene anabadwira ku Ndola koma makolo ao ndi a ku Petauke. Pa 20 Januwale 2015 a Lungu anaposa a Hakainde Hichilema ndi mavoti osafika 28,000, ndipo Kum'mawa kunawapatsa voti yoculuka. Mu 2021 a Peter Phiri anaimiranso Mkaika, tsopano pa tikiti ya PF, napambana. Cipani cimene munthu wina analangidwa cifukwa colowamo mu 2013, ndico cimene anthu omwewo anacivotera patapita zaka zisanu ndi zitatu. Kusiyana kwake kunali kwakuti woyambayo anapita yekha, pamene waciwiriyo anapita pamodzi ndi mudzi wonse, a Banda ali patsogolo.

Mu 2021 a Hichilema anapambana ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi. Kum'mawa a Lungu anatsogolabe, koma a Hichilema anapeza voti yambiri kuno kuposa kale lonse. A Kaunda sanaone masankho amenewo, popeza anamwalira pa 17 Juni, kutatsala miyezi iwiri. UNIP yao, imene inasesa mipando yonse 19 ya kuno mu 1991, inali itakhala kale zaka khumi yopanda phungu ngakhale mmodzi ku Nyumba ya Malamulo.