Mawu oti "ufulu" anayenda ulendo wotani?

Pa 6 Julaye 1964, agogo athu akamati "ufulu" ankatanthauza chinthu chimodzi basi: ulamuliro wa atsamunda watha. Pofika 1966 dziko linali la chipani chimodzi, ndipo MBC, wailesi yokhayo m'dziko muno nthawi imeneyo, inkatamanda ufulu usana ndi usiku pomwe anthu ena ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu.

Kenako kunabwera riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Omasulira atakumana ndi mawu a Chingerezi oti human rights, anatola mawu akale omwe aja n'kuwavekako chipewa: ufulu wachibadwidwe. Apa ndi pomwe nkhani ikukoma.

Harri Englund, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wochokera ku Finland, yemwe anachita kafukufuku kwa Chinsapo mumzinda wa Lilongwe komanso ku Dedza, anatsatira mawuwa m'buku lake la 2006, Prisoners of Freedom. Mfundo yake ndi yoti kumasulira kumeneku kunapendekera mbali imodzi. Kuvota, kuyankhula, kulowa chipani chomwe ukufuna, zonsezi zinalowa bwinobwino mu "ufulu". Koma waganyu amene bwana wamumana malipiro akanadandaula ndi mawu ati? Mabungwe ankapita kumudzi kukaphunzitsa anthu, osati kukamva madandaulo awo. Akuluakulu nawo anayamba kunena kuti ufulu ndi womwe wawononga ana, mwina munawamvapo.

Chodabwitsa n'chakuti mayankho ena anawapeza pa MBC pomwepo, wailesi yomwe ambiri ankaiona ngati chimkuzamawu cha boma. Buku lake la 2011, Human Rights and African Airwaves, likukamba za Nkhani Zam'maboma. Ee, pulogalamu ya afiti, ndege zaufiti ndi abusa ogwidwa kumalo olakwika ija, yomwe ophunzira ena amaiseka. Englund anaona kuti omvera otumiza nkhanizo sankatchula ufulu kwenikweni. Ankakamba za udindo: bwana ali ndi ngongole kwa wantchito wake, mfumu kwa anthu ake, bambo kwa banja lake. Wamkulu akalephera, amachititsidwa manyazi dziko lonse likumva.

Ine pamenepa ndimagwirizana naye, ngakhale manyazi a pa wailesi sabweza malipiro a munthu. Komanso nkhanizo zinkakhudza mafumu, abusa ndi aphunzitsi; zofika kwa nduna ndi pulezidenti zinali za maola ena, ndipo kumeneko mawu ankasankhidwa mosamala kwambiri.