Zikho za Mary Waya ndi Mwai Kumwenda

Pali mkangano wina umene sukalamba pakati pa okonda mpira wa ntchemberembaye, ndipo aliyense amene anakwerapo minibasi yochoka ku Limbe kulowera ku Bangwe tsiku limene Malawi Queens yasewera adziwa kuti mkanganowo ukayamba, ngakhale kondakitala amaiwala kutolera ndalama. Akuluakulu amene tsitsi layamba kuchita imvi amaima nji pa dzina la Mary Waya, pamene achinyamata, amene anakula akuonera masewero pa kanema, salola kuti dzina lina lililonse litchulidwe pamwamba pa la Mwai Kumwenda; ndipo mawu akatha, mmodzi wa iwo amafunsa funso limene amaliyesa lothetsa mlandu, lakuti, "Nanga anatenga zikho zingati?"

Funso limeneli silinabadwire kuno. Linachokera kutsidya kwa nyanja, ku America, kumene James Naismith anayambitsa masewero a basketball m'chaka cha 1891, ndiponso masewero omwewo, atawolokera ku England ndi kusinthidwa malamulo ake kuti aziseweredwa ndi atsikana a m'masukulu, ndiwo anabala ntchemberembaye yathuyi. Kumeneko anthu akhala akutsutsana kwa zaka zambiri za Bill Russell ndi Wilt Chamberlain. Russell anatenga ukatswiri wa ligi ya NBA kakhumi ndi kamodzi m'zaka 13 zimene anasewerera Boston Celtics, atazunguliridwa ndi akatswiri anzake monga Bob Cousy ndi John Havlicek; Chamberlain, amene m'chaka cha 1962 anamwetsa mapointi 100 yekha pa masewero amodzi, anautenga kawiri kokha. Owerenga zikho amakweza Russell, koma muyeso wawo ukatsatidwa kufikira kumapeto, Robert Horry wa zikho zisanu ndi ziwiri ayenera kuposa Michael Jordan wa zikho zisanu ndi chimodzi, chinthu chimene palibe wanzeru angachivomereze.

Ngati muyeso umenewu uli wopunduka pa basketball, pamene munthu mmodzi angathe kutenga mpira kumbuyo ndi kuthamanga nawo yekha kufikira ataumwetsa, pa ntchemberembaye ndiye ulibe ndi miyendo yomwe. Malamulo a masewerowa anagawa bwalo patatu, naikira aliyense wa osewera asanu ndi awiri malire ake; wogwira mpira saloledwa kuyenda nawo, kapena kuusunga kupyola masekondi atatu, ndipo awiri okha ndiwo ali ndi ufulu woponya m'golo. Motero woponya zigoli, angakhale ali ndi dzanja lodalitsika chotani, amaima m'chigawo chake nadikira, pakuti mpira usanamfike uyenera kudzera m'manja mwa anzake. Iwowo akafooka pakati pa bwalo, iye amangoonerera ngati mlendo. Akale ananena kuti mutu umodzi susenza denga, koma pano mwambiwo unalembedwa m'malamulo enieni a masewero.

Taonani tsono mbiri ya Mary Waya. Iye anavala malaya a dziko lino pa masewero oposa 200, ndipo analipo ku Birmingham m'chaka cha 1995 pamene Malawi inathera pa nambala 8 pa mpikisano wa dziko lonse, m'masiku amene ambiri akunja sankadziwa kuti dziko lathu lili mbali iti ya Africa. Wailesi ya kanema ya boma inayamba m'chaka cha 1999. Choncho zaka zambiri za mphamvu zake zinaonedwa ndi okhawo amene ankapita ku bwalo la Blantyre Youth Centre, ena onse ankangomva pa wailesi ya MBC, ndipo n'chifukwa chake ana a lero amayesa nthano akamauzidwa za mmene ankaponyera mpira ali chapatali, mosathamanga mtima, ngati kuti womutchinga palibe. Pamodzi ndi anzake a mbadwo umenewo, monga Peace Chawinga, anafikitsa Malawi pa nambala 5 ku Auckland m'chaka cha 2007, pamwamba pa South Africa, ndi pa nambala 5 yomweyo pa masewero a Commonwealth ku Delhi m'chaka cha 2010. Chikho cha dziko lonse sanachigwire. Koma ndani wa kuno akanachigwira, pamene Australia ndi New Zealand zinali kulandirana chikhocho mpikisano ndi mpikisano, zili ndi mabwalo ofoleredwa, madokotala ndi malipiro, pamene atsikana athu ankaphunzira masewerowa pa fumbi la mabwalo a sukulu monga a ku Namiyango ndi ku Ntopwa, golo lake lili chitsulo chopindidwa chokhomedwa pa mtengo wa bulugamu?

Mbiri ya Mwai Kumwenda ndiyo imaulula bwino kupanda pake kwa kuwerenga zikho, chifukwa munthu mmodzi yemweyo anaoneka m'magulu awiri osiyana. Atachoka ku Escom Sisters ndi kukasewera ku Australia, anatengedwa m'chaka cha 2014 ndi Tactix ya ku New Zealand, timu imene inali kumchira kwa ligi. Iye ankamwetsa zigoli zochuluka, timuyo n'kumagonjabe. M'chaka cha 2015 ku Sydney anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse, ngakhale Malawi inathera pa nambala 6. Pambuyo pake anapita ku Melbourne Vixens, kumene mpira unkamfika kuchokera m'manja mwa Liz Watson ndi Kate Moloney, ndipo m'chaka cha 2020 timuyo inagonjetsa West Coast Fever 66 kwa 64 m'ndime yomaliza, iye natchedwa katswiri wa tsikulo. Kodi tinene kuti dzanja lake linaphunzira kuponya m'chaka chimenecho? Iyayi, dzanja linali lomwelo la ku Mzimba. Osintha anali omupatsira mpira.

Kwa ine, ndipo ndinena ndi ulemu wonse kwa achinyamata, Waya ayenera kuyamba kutchulidwa, pakuti akunja anayamba kufunsa za atsikana a ku Malawi ataona iye ndi anzake, ndipo Kumwenda ndi Joyce Mvula, amene anakatenga zikho ndi Manchester Thunder, anapeza anthu atatsegula kale maso. Komabe sindingatsutse amene anganene kuti pa luso la kulandira mpira m'mwamba ndi kuumwetsa pakati pa adani amphamvu, Kumwenda anafika pamene Mmalawi wina sanafikepo.

Ndipo amene amaumirira zikho afotokoze za chaka cha 2018 ku Gold Coast, pamene Malawi Queens, Kumwenda ali kutsogolo, inagonjetsa New Zealand 57 kwa 53, chipambano chimene anthu a ku Bangwe amachikumbukira koposa china chilichonse pa masewerowa. Pa mpikisano umenewo Malawi inathera pa nambala 7, ndipo atsikanawo anabwerera kumudzi opanda mendulo.