Zipangizo Zopimira Mankhwala Akumwa: Sirinji, Kakapu, Sipuni ndi Kodonthezera

Amai akacoka ku kiliniki ya ku Bwacha, ku Katondo kapena ku Makululu ndi botolo la mankhwala a mwana, adokotala ndi anesi amakhala atatha mbali yao. Cotsala ndi kupima, ndipo kupimako kumacitikira kunyumba, kawirikawiri usiku, mwana akulira, mwina magetsi atapita. Pa botolo palembedwa kuti 5 ml katatu pa tsiku. Kodi 5 ml ameneyo timpima ndi ciani? Mankhwala abwino akaperekedwa ocepa saciritsa, ndipo akapitirira muyeso amasanduka poizoni. Nkhani ino ikufotokoza zipangizo zopimira mankhwala akumwa, mmene ciliconse cimagwirira nchito, ndi zolakwa zimene zimacitika kawirikawiri m'manyumba mwathu.

Mililita ndi miligiramu

Mankhwala a madzi amapimidwa m'mamililita. Pa botolo amalemba ml kapena mL, ndipo pa masirinji ena amalemba cc, koma zonsezi ndi muyeso umodzi. Lita imodzi ili ndi mamililita 1,000, conco kabotolo ka madzi akumwa ka theka la lita kali ndi 500 ml. M'ciwerengero ca acipatala, sipuni yaing'ono ndi 5 ml ndipo sipuni yaikulu ndi 15 ml.

Miligiramu, imene amalemba mg, ndi cinthu cina. Iyo imanena kuculuka kwa mankhwala enieni amene ali m'madzimo, pamene ml imanena kuculuka kwa madzi amene mutunge. Mukaona 120 mg/5 ml pa botolo, tanthauzo lake ndi lakuti mu 5 ml aliyense muli mankhwala okwana 120 mg. Nambala yoti muiyang'ane pa copimira ndi ya ml.

Samalaninso ndi kadontho ka pakati pa manambala. 0.5 ml ndi theka la mililita imodzi, koma 5 ml ndi kuculuka kowirikiza kakhumi. Kadontho kakafufutika pa pepala, khanda lingamwe mankhwala a masiku angapo pa nthawi imodzi.

Cifukwa cake sipuni ya kunyumba siyenera

Ambiri a ife tinakula tikumwetsedwa mankhwala ndi sipuni ya tiyi. Vuto ndi lakuti masipuni a kunyumba sanapangidwe kuti azipima. Tengani masipuni a tiyi atatu osiyana, mudzaze madzi, kenaka mukoke madziwo ndi sirinji: mudzapeza kuti ina siikwana 5 ml, ina ikupitirira. Komanso dzanja limanjenjemera, mwana amakankha, mankhwala ena amatayikira pa malaya. Coopsa kwambiri ndi kusokoneza sipuni ya tiyi ndi sipuni yodyera mpunga, cifukwa pamenepo mwana amamwa muyeso wowirikiza pafupifupi katatu. Cotsekera ca botolo naconso si copimira, pokhapokha ngati cili ndi mizere ndi manambala.

Ici ndi cifukwa cake mu 2015 bungwe la madokotala a ana la ku America, American Academy of Pediatrics, linalangiza kuti mankhwala a madzi a ana azilembedwa m'mamililita okha, osachulanso masipuni.

Sirinji ya m'kamwa

Ici ndi cipangizo colondola kuposa zonse. Ndi kacubu ka pulasitiki kokhala ndi mizere ndi copopera, kopanda singano. Masirinji ofala ndi a 1 ml, 5 ml ndi 10 ml. Sankhani yaing'ono imene ingatenge muyeso wonse kamodzi. Muyeso wosakwana 1 ml umafuna sirinji ya 1 ml, cifukwa mizere yake imaonetsa ngakhale 0.1 ml.

Popima, yambani mwakankhira copopera mpaka pansi. Khutcumulani botolo, viikani nsonga ya sirinji m'mankhwala, ndipo kokani pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa copopera, mbali yoyang'ana ku nsonga, mufike pa mzere wa nambala imene munauzidwa. Mukaona thovu lalikulu la mpweya, bwezerani mankhwala m'botolo ndi kukokanso, pakuti mpweyawo watenga malo a mankhwala.

Pomwetsa, mwana akhale tsonga kapena mumunyamule mutu uli m'mwamba. Lowetsani nsonga m'kati mwa tsaya, ndipo kankhani pang'ono pang'ono kuti azimeza yekha. Musapopere molunjika kukhosi, musamutsine mphuno, ndipo musamumwetse atagona cagada, cifukwa mankhwala angalowe m'njira ya mpweya. Sirinji ikakhala ndi kacotsekera ku nsonga, kacotseni ndi kukaika kutali, mwana angakameze. Mukatha, cotsani copopera, tsukani zonse ndi madzi aukhondo ndi sopo, ndi kuziumitsa. Manambala akafufutika, pemphani ina.

Kufunika kwa sirinji kumaoneka bwino pa makanda obadwa kwa amai amene ali ndi HIV. Mankhwala oteteza a nevirapine ali ndi 10 mg mu 1 ml, ndipo khanda lobadwa ndi makilogiramu 2.5 kapena kuposa nthawi zambiri limayamba ndi 1.5 ml kamodzi pa tsiku. Palibe sipuni kapena kakapu kamene kangapime muyeso wotere molondola.

Kakapu kopimira

Kakapu ka pulasitiki kamabwera pamwamba pa mabotolo ambiri a mankhwala a cifuwa ndi a m'mimba. Ndi kabwino kwa akulu ndi ana okulirapo amene amamwa 10 ml kapena kuposa. Kaikeni pa tebulo losapendekeka, weramani kuti maso anu alingane ndi mzere, ndipo thirani mpaka pa mzerewo. Kupima kakapu kali m'manja, kapena kuyang'ana kucokera pamwamba, kumanamiza maso. Mankhwala okhuthala amatsalira m'mbali mwa kakapu, conco thiranimo timadzi pang'ono kuti wodwala amwenso.

Pa miyeso yaing'ono kakapu kamalakwitsa kwambiri. Mu 2016 magazini ya Pediatrics inafalitsa kafukufuku amene anacitika ku America pa makolo oposa 2,000. Makolo oposa 80 mwa 100 alionse analakwitsa kamodzi kapena kuposa popima, ndipo zolakwa zinali zambiri ndi kakapu kusiyana ndi sirinji. 

Sipuni yopimira ndi kodonthezera

Sipuni yopimira ndi ija ya pulasitiki imene imabwera m'katoni ya mankhwala. Zambiri ndi za 5 ml, ndipo zina zili ndi mbali ziwiri, ya 5 ml ndi ya 2.5 ml. Ndi yabwino pokhapo pamene muyeso ukulingana ndendende ndi nambala yolembedwa pa sipuniyo. Singathe kupima 3.5 ml kapena 7 ml.

Kodonthezera ndi kacubu kokhala ndi kamphira kofinya, ndipo kamabwera ndi mankhwala a makanda monga mavitamini. Ena ali ndi mizere ya ml, ena amafuna kuwerenga madontho. Kukula kwa dontho kumasiyana malinga ndi kodonthezera komanso kukhuthala kwa mankhwala. Cotero lamulo lake ndi limodzi: kodonthezera kagwire nchito pa botolo limene kanabwera nalo basi.

Dzina limodzi, mphamvu zosiyana

Copimira cabwino sicithandiza ngati simunawerenge mphamvu ya mankhwala. Titenge citsanzo ca paracetamol, amene ambiri timangoti Panado. Kwa ana, muyeso wake umawerengedwa pa kulemera: 10 mpaka 15 mg pa kilogiramu iliyonse. Mwana wa makilogiramu 8 angalembedwe 120 mg. Ngati botolo ndi la 120 mg/5 ml, amwa 5 ml. Koma palinso paracetamol wa madontho amene ali ndi 100 mg mu 1 ml. Mukatunga 5 ml m'botolo limenelo, mwanayo amwa 500 mg, kuposa kanai muyeso wake.

Paracetamol saperekedwa kopitirira kanai pa maola 24, ndipo pakati pake payenera kupita maola osacepera 4. Mankhwala ambiri a cimfine ali kale ndi paracetamol, conco kupatsa mwana onse awiri ndi kuwirikiza muyeso mosadziwa. Kuopsa kwake ndi kwakuti mwana angaoneke bwino tsiku loyamba pamene ciwindi cayamba kale kuonongeka.

Popeza muyeso umatsatira kulemera, nyamulani khadi la ku sikelo nthawi zonse popita kucipatala. Muyeso wa caka catha si wa caka cino, ndipo wa mkulu wake si wa mng'ono wake. Mapiritsi a malungo a Coartem amaonetsa bwino zimenezi: wolemera makilogiramu 5 kufika pansi pa 15 amamwa piritsi limodzi pa nthawi, wa 15 kufika pansi pa 25 amamwa awiri, wa 25 kufika pansi pa 35 amamwa atatu, ndipo wa 35 kupita m'mwamba amamwa anai, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu.

Kuno ku Kabwe kuli cifukwa cinanso. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma dothi la ku Kasanda, Chowa, Makululu ndi madera ena oyandikana nao likali ndi mtovu, ndipo ana ena amene magazi ao apezeka ndi mtovu wambiri amapatsidwa mankhwala oucotsa m'thupi. Mankhwala amenewa amawerengedwa molingana ndi thupi la mwana mmodzi ameneyo. Sagawidwa kwa mwana wa aneba ngakhale akuoneka kuti akudwala mofanana. Cimodzimodzi mankhwala oonjezera magazi okhala ndi ayironi: ndi othandiza pa muyeso wake, koma mwana akamwa ambiri angathe kufa.

Mankhwala a ufa ndi osungunula

Amoxicillin wa ana amabwera ngati ufa m'botolo. Apa copimira ndi mzere wa pa botolo. Gwiritsani nchito madzi owiritsa amene azizira. Gogodani botolo kuti ufa umasuke, thirani madzi pang'ono, khutcumulani, dikirani thovu litsike, kenaka onjezerani madzi mpaka pa mzere. Madzi akapitirira, mankhwala amacepa mphamvu. Khutcumulani nthawi iliyonse musanapime, cifukwa mankhwala amakhazikika pansi. Akasakanizidwa sakhalitsa. Ambiri amatha nchito pakapita masiku 7, ena 14, conco werengani pa botolo ndi kufunsa za kasungidwe kake ngati mulibe firiji.

Masiku ano pali mapiritsi a ana osungunuka m'madzi kapena mu mkaka wa m'mawere, monga a zinc, a amoxicillin ndi a Coartem. Sungunulani m'madzi ocepa kuti mwana amalize onse, ndipo tsukuluzani kapu kuti amwenso zotsalira. Musaike mankhwala m'mbale yonse ya phala kapena m'botolo lodzaza mkaka, cifukwa mwana akasiyira pakati simudziwa kuti wamwa oculuka bwanji.

Madzi a moyo a mwana wotsegula m'mimba nawonso amafuna kupima. Paketi yaikulu ya ORS imasungunulidwa mu lita imodzi yathunthu. Madzi akacepa, mcere umaculuka ndipo ungavulaze mwana. Pa nkhani iyi dziko lathu linaonetsa nzeru imene inadziwika kunja. Kit Yamoyo, imene bungwe la ColaLife linayesa m'maboma a Katete ndi Kalomo mu 2012 ndi 2013, ili ndi timapaketi ting'onoting'ono ta ORS ta 200 ml pamodzi ndi mapiritsi a zinc, ndipo coikamo cake ndico copimira madzi. Amai safunikanso kuganizira kuti lita ndi yotani. Cofunika ndi kuyang'ana pa paketi ngati ndi ya lita imodzi kapena ya 200 ml.

Okalamba ndi odwala nthawi yaitali

Amene amasamalira makolo okalamba, ndi amai a m'mipingo amene amayendera odwala m'makomboni, amakumana ndi vuto lina: mapiritsi ambiri a BP, a shuga ndi ena, ndipo agogo sakumbukira ngati amwa kale. Kabokosi ka mapiritsi kokhala ndi zipinda 7, cimodzi pa tsiku lililonse la sabata, kamathandiza. Ngati kalibe, jambulani mizere pa pepala ndi kuconga nthawi iliyonse mankhwala akamwedwa. Pa nyumba pakhale munthu mmodzi wodziwika amene amapereka mankhwala, kuti amai ndi azakhali asapereke onse awiri.

Musadule kapena kuphwanya piritsi musanafunse. Ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono m'thupi, ndipo akaphwanyidwa mphamvu yonse imatuluka nthawi imodzi. Mankhwala amphamvu oletsa ululu monga morphine wa madzi apimidwe ndi sirinji yokha, ndipo asungidwe mokiya. Agogo amene maso ao sakuona bwino mizere asamapime okha.

Musanacoke pa windo la mankhwala

Funsani mafunso awa: Ndi ma ml angati pa nthawi imodzi? Kangati pa tsiku, kwa masiku angati? Amwe asanadye kapena atadya? Akasanza ndicite ciani? Pemphani copimira, ndipo pemphani kuti akulozereni mzere weniweni. Ena amaika cizindikiro pa sirinji ndi peni yosafufutika. Pimani kamodzi iwo akuona. Palibe manyazi pa zimenezi, ndipo amene sadziwa kuwerenga ali ndi ufulu wonse wofotokozeredwa m'cilankhulo cao. Pogula, pitani ku sitolo ya mankhwala yovomerezedwa ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, osati pa kantemba pamene mabotolo amakhala padzuwa popanda katoni kapena copimira.

Usiku, yatsani toci ya pa foni musanapime. Mukaiwala nthawi imodzi, musawirikize muyeso wotsatira.

Zikalakwika

Mukazindikira kuti mwana wamwa mankhwala opitirira muyeso, kapena wapeza botolo ndi kumwa yekha, musadikire kuti ayambe kuonetsa zizindikiro. Musamusanzitse, ndipo musadalire mkaka kapena mafuta ophikira kuti acotsa poizoni. Pitani msanga ku kiliniki yapafupi kapena ku Kabwe Central Hospital, mutanyamula botolo, katoni yake ndi copimira cimene munagwiritsa nchito. Uzani anesi zoona zokhazokha: mankhwala ake, kuculuka kwake ndi nthawi imene anamwa. Ciwindi ca mwana amene wamwa paracetamol wambiri cingatetezedwe bwino kwambiri ngati cithandizo cayamba m'maola 8 oyamba.